Kukatapa matope pansi pa nyanja: kuchoka ku Dedza kutsikira ku Mtakataka

Lolemba, pa boma la Dedza

Sukulu tatsekera, ndipo mawa ndikutsikira kunyanja kwa malume, kupitirira Mtakataka. Mlongo wanga wamng'ono, amene anaphunzira za nsomba ndi zamoyo zam'madzi ku Bunda, wafika madzulo ano kuchokera ku Lilongwe kuti tiyendere limodzi. M'chikwama chake muli chingwe chachitali chomanga mfundo pa mita iliyonse, mbale yachitsulo yopaka penti woyera, sefa, timabotolo, ndi kachitsulo ka nsagwada ziwiri kamene anapangitsa kwa owotcherera. Akuti tikatape matope pansi pa nyanja.

Mwini ulendowu ndi mtsikana wina wa m'kalasi langa la jogalafe. Tikuphunzira za chuma cha pansi pa nthaka, iye anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, akadzakumba mafuta m'nyanja ya Malawi, adzaona ndani kuti pansipo pawonongeka?" Za lamulo ndinamuyankha. Tili ndi Environment Management Act ya 2017, imene imalamula kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kauniuni wa momwe ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la MEPA ndilo limayang'anira zimenezi. Koma mwanayo sanafunse za lamulo. Anafunsa za maso. Mtengo ukadulidwa m'phiri la Dedza tonse timaona chitsa. Nanga pansi pa madzi pamene sipafika munthu?

Kunja kukuzizira kwambiri, chiperoni chaphimba phiri lonse. Tagula kachewere ndi kabichi zokapatsa akunyanja, poti kumeneko ndi zakudya za alendo.

Lachiwiri, Khwekhwelere mpaka kugombe

Tinakwera minibasi mpaka pa Masasa, pamenepo n'kupeza galimoto yotsikira ku Golomoti. Amene sanadutsepo msewu wa Khwekhwelere adziwe kuti ndi wokhotakhota, wotsetsereka, ndipo makutu amatseka. Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuposa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi chaka. Ndiye kuti m'kanthawi kochepa munthu umatsika mamita oposa 1,000. Juzi timavula tili m'njira. Pa makona ena anyamata amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema, ndipo kutsogolo, kupyola chigwa chonse cha Bwanje, nyanja imaoneka ili ngwee.

M'mapiri amenewa ndinaona minda yolimidwa mpaka pamalo otsetsereka kwambiri, ndi matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Mlongo wanga analoza kachigwa kena kokumbika ndi madzi n'kunena kuti, "Achimwene, dothi lachoka apali mukalipeza mawa m'sefa yanga." Akunena zoona. Mitsinje yochokera kwathu kumtunda, Linthipe, Nadzipulu, Namikokwe, Livulezi, yonse imakathira dothi lathu m'nyanja. Choncho ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu tisamaganize kuti za pansi pa nyanja ndi za asodzi okha.

Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM Power, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Amatulutsa mamegawati 20 ndipo ali ndi mabatire osungira magetsi. Ndinasangalala kuona mapanelo ali mbuu pa dzuwa la m'chigwa muno. Ine si munthu wodana ndi chitukuko. Ndaimapo pa mzere wa mafuta a galimoto mpaka dzuwa kulowa, ndachongapo mayeso ndi nyali ya pafoni. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo m'dziko muno timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Munthu akanena kuti mwina pansi pa nyanja yathu pali mafuta, ndimamvetsa chifukwa chake mitima imadumpha.

Nkhaniyo si yatsopano. Boma linagawa dziko m'zigawo 6 zofufuziramo mafuta, ndipo mu 2011 kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum inapatsidwa chilolezo pa zigawo ziwiri za m'nyanja. Zigawo zina zinapita kwa makampani monga SacOil ndi RAKGAS. Mu 2012 mkangano wa malire a nyanja pakati pa ife ndi Tanzania unabukanso chifukwa cha zomwezi. A UNESCO nawo anadandaula, poti Lake Malawi National Park ili pa mndandanda wawo wa malo ofunika pa dziko lonse kuyambira 1984. Mpaka lero palibe chitsime cha mafuta chimene chabooledwa m'nyanjamo, koma nkhaniyi imagona n'kudzukanso. Anzathu a ku Mozambique, amene ife a ku Dedza timagulitsana nawo tomato pamsika umodzi, anayamba kale: chombo cha Coral Sul chakhala chikutulutsa gasi m'nyanja yamchere kufupi ndi Cabo Delgado kuyambira 2022, pamadzi akuya mamita pafupifupi 2,000.

Kuchoka pa Mtakataka tinakwera kabaza wa njinga yamoto, kudutsa m'minda ya mpunga ndi m'midzi ya malambe, mpaka kwa malume. Anatilandira ndi nsima ya usipa wofutsa. Ataona kachitsulo ka nsagwada kaja anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wanga, nsomba yake iti imakodwa ndi chimenechi?"

Lachitatu, pamadzi

Malume anatidzutsa kusanache, akuti tipite mwera usanadzuke. Tinakwera boti lawo lamatabwa ndi alovi awiri. Anyamata a kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali, anali akubwerera kumtunda nyali atazimitsa, ndipo amayi anali kale pagombe ndi mabeseni kudikira usipa.

Pamalo oyamba, kufupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, mlongo wanga analemba malowo pogwiritsa ntchito GPS ya pafoni, kenako anatsitsa mbale yoyera ija pang'onopang'ono mpaka inasowa m'maso, n'kuwerenga mfundo za chingwe. Kachipangizo kophweka kameneka kamatchedwa Secchi, dzina la wansembe wa ku Italy amene anakayesa koyamba mu 1865, ndipo akatswiri akukagwiritsabe ntchito poyeza kuyera kwa madzi. Pafupi ndi mtsinje mbaleyo inasowa msanga. Titapalasa kulowa mkati inkaonekabe chingwe chitapita ndithu.

Kenako kachitsulo kaja. Kamatsika kali yasa, kakagunda pansi n'kukoka chingwe kamatseka pakamwa n'kubwera ndi zimene kaluma. Poyamba kanabwera ndi dothi lofiirira, lomata, la kumapiri kuja. Mkati mwa nyanja kanabwera ndi mchenga wosakanikirana ndi matope otuwa. Mlongo wanga anathira zonse m'sefa n'kumatsukuluza m'mbali mwa boti mpaka matope atatha. Ine ndinkaona ngati mwatsala zinyalala zokha. Malume anati, "Dekhani aphunzitsi, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndipo zinalidi nkhono: ting'onoting'ono tosongoka, tina tozungulira, timphutsi tofiira tikuphiriphitha, ndi kanyongolotsi kowonda. Mlovi wina, mnyamata amene wakulira pamadzi pomwepa, anati sanaganizepo kuti m'matopemo muli zamoyo zochuluka chonchi.

Apa m'pamene mlongo wanga anatsegula mutu, boti likuyandama, ndipo zimene anafotokoza ndikufuna ndizilembe mosamala chifukwa ndiye yankho la mwana wa m'kalasi uja.

Akuti ku Norway, kumene akhala akukumba mafuta m'nyanja ya North Sea kuyambira pamene anapeza chitsime cha Ekofisk mu 1969, zimene tinkachita m'boti lathulo ndi lamulo. Kampani isanayambe kuboola zitsime zotulutsa mafuta iyenera kuyeza kaye pansi pa nyanja kuti padziwike momwe panalili. Ikayamba ntchito, kuyezako kumabwerezedwa zaka 3 zilizonse, chigawo ndi chigawo. Malo otapapo matope samasankha mwachisawawa. Amajambula mizere inayi yochoka pa nsanja yokumbira, n'kuika malo pa mamita 250, 500, 1,000 ndi 2,000, komanso malo ena kutali kwambiri kumene ntchitoyo siingafike, oti azifanizira. Chitsulo chawo, chotchedwa van Veen, chimaluma malo okula gawo limodzi mwa magawo 10 a sikweya mita. Matope ena amawasefa pa sefa ya maso a milimita imodzi, n'kuwerenga kanyama kalikonse ndi mtundu wake. Ena amapita nawo ku labotale kukayeza mafuta, zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi mercury, ndi barium.

Ndinafunsa kuti barium alowa bwanji. Akuti poboola chitsime amathiramo matope apadera olemera, oti aziziziritsa chobooleracho, azitulutsa nyenyeswa za miyala, ndiponso azipanikiza mafuta ndi gasi kuti zisaphulike. Chimene chimalemeretsa matopewo ndi mwala wotchedwa barite, ndipo mwala umenewu uli ndi barium. Ndiye ukapeza barium wochuluka pa mtunda wa makilomita awiri kuchokera pa nsanja, wadziwa kuti zotayidwa za pa nsanjapo zafika pamenepo. Kampani singakane.

Nanga tinyama n'twachiyani, makina oyeza mankhwala alipo? Yankho lake linandigwira mtima. Nsomba ikamva madzi oipa imathawa. Madzi amene watunga lero mawa apita kwina. Koma nkhono ndi nyongolotsi za m'matope zimakhala pomwepo, zimadya pomwepo, ndipo chilichonse chogwera pansi chimagwera pa izo. Pakawonongeka, mitundu yosapirira imatha, n'kutsala mitundu yochepa yolimba imene imaswana mochuluka. Wodziwa kuwerenga akaona kuti pamene panali mitundu yambirimbiri patsala yowerengeka, amadziwa kuti chachitika, ngakhale kampani itataya zoipazo usiku popanda woona.

Ndipo kuyezaku kunasinthadi zinthu. Kale makampani ankataya m'nyanja nyenyeswa za miyala zonyowa ndi matope a mafuta, akumati zimawononga pafupi ndi nsanja pokha. Asayansi a ku yunivesite ya Oslo, mmodzi wa iwo John Gray, atasanthula zotsatira za zaka zambiri anaonetsa kuti kuwonongekako kumafika makilomita angapo. Norway inaletsa kutaya nyenyeswa zotere kuyambira 1993, ndipo maiko a m'pangano la OSPAR, loteteza kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Atlantic, anakhwimitsanso lamulo lawo mu 2000. Zaka zotsatira, kuyeza komweko kunaonetsa kuti malo owonongeka akuchepa ndipo tinyama tikubwerera. Ndalama zoyezera amalipira ndi makampani, koma oyeza ndi akatswiri apadera ovomerezeka, malipoti amapita ku bungwe la boma loona zachilengedwe, ndipo aliyense angathe kuwawerenga.

Malume anamvetsera zonsezi akusoka ukonde. Kenako anatilozera chakumwera n'kunena kuti kumeneko pali mchenga pamene chambo chimakumba zisa. Chambo chachimuna chimakonza bwalo lozungulira pamchenga, chachikazi chimaikira mazira pamenepo n'kuwatola kuwasunga m'kamwa mpaka ana atakula pang'ono. "Pansi pakaipa, chambo chilibe pokwatira," anatero. Iwo mapu a pansi pa nyanja ali nawo m'mutu: pamene pali miyala ya mbuna, pamene pali matope a kampango ndi bombe, pamene matchera amakodwa. Mlongo wanga anatulutsa kope n'kuyamba kulemba zimene malume ankanena. Akuti akatswiri amajambula pansi pa nyanja ndi makina otumiza mawu m'madzi n'kumva momwe akubwererera, ena amatsitsa maloboti okhala ndi makamera, koma munthu woyamba kumufunsa pofuna kudziwa poyambira ndi msodzi.

Tinabwerera mafunde atayamba kukula. Timabotolo tonse talembedwa malo, tsiku ndi kuya kwake.

Lachinayi, pagombe

Mwera wawomba usiku wonse ndipo lero palibe boti lalowa m'madzi. Asodzi anasonkhana pansi pa mtengo, ena akusoka chilimira, ena akusewera bawo. Mbiri ya matope athu inali itafika kale, ndipo ndinapezeka ndili pakati pa bwalo losakonzekera. Panali ndi akuluakulu ena a komiti ya pagombe, ija timati BVC.

Bambo wina wachikulire anayamba ndi kukayika. Anati, "Aphunzitsi, mafutawo sanayambe n'kukumba komwe. Mukuvutikiranji kuyeza lero?" Ndisanayankhe, malume analowererapo. Anati ng'ombe zikadya mpunga wa munthu, nkhani ikapita kwa amfumu, mwini ng'ombe amati mundawo unali wofota kale. Ngati palibe amene anauona mundawo ng'ombe zisanalowe, mlandu umathera pomwepo, wolima amabwerera chimanjamanja. Onse anavomera, chifukwa milandu yotere ndi ya chaka ndi chaka kuno ku Bwanje.

Ndinawauza za Deepwater Horizon. Pa 20 Epulo 2010 nsanja yokumbira mafuta ya chitsime cha kampani ya BP inaphulika ku Gulf of Mexico. Anthu 11 anafa. Mafuta anatuluka kwa masiku 87 kuchokera pa chitsime chimene chinali pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 1,500, ndipo boma la America linawerengera kuti anatuluka migolo pafupifupi 4.9 miliyoni. A pamwamba pa madzi ndi a m'magombe aliyense anawaona pa kanema. A pansi anaoneka pokhapokha asayansi atatsitsa maloboti: kumapeto kwa chaka chomwecho anapeza zamoyo za pansi zotchedwa coral zitakutidwa ndi zinthu zabulauni, zikufa, pa mtunda wa makilomita 11 kuchokera pa chitsimecho, ndipo atayeza anapeza kuti mafutawo ndi a chitsime chomwecho. Mafuta a chitsime chilichonse ali ndi chizindikiro chakechake chimene labotale imatha kuzindikira. Mapeto ake BP inagwirizana ndi boma la America ndi zigawo zokhudzidwa kulipira madola 20.8 biliyoni. Komabe ngakhale kumeneko, dziko lolemera chotero, akatswiri anavutika kuwerengera zonse zimene zinatayika chifukwa malo ambiri akuya anali asanayezedwepo ngozi isanachitike.

Ndiye ndinawafunsa kuti aganize za nyanja yathu. Gulf of Mexico ndi yolumikizana ndi nyanja yaikulu, madzi amalowa n'kutuluka. Ya kwathu ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, osati kudzera mu Shire. Dzuwa limatenga madzi okha, zoipa limasiya. Kuti madzi onse a m'nyanjayi atuluke kudzera mu Shire pangatenge zaka mazanamazana. Ndipo Shire yemweyo ndiye amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye amene anthu a ku Blantyre amamwa. Mayi wina wowamba nsomba, amene anaima chapatali ndi mwana kumbuyo, anangoti, "Madzi akatayika saoleka."

Mlongo wanga anawonjezera chinthu chimene ine sindikanachiganizira. Anati njira za ku Norway sitingangozikopera zonse. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe mpweya wa okosijeni, chifukwa madzi a pansi sasakanikirana ndi a pamwamba. Kumeneko kulibe nkhono zoti uwerenge, kulibenso nsomba. Mphutsi za nkhungu zokha, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja, n'zimene zimatsikira m'mphepete mwa madzi opanda mpweyawo masana pothawa nsomba, usiku n'kukwera. Choncho kumalo akuya kofunika ndi kuyeza mankhwala a m'matope ndi kusiya zipangizo m'madzi zoti zizilemba kutentha, mpweya ndi kayendedwe ka madzi chaka chonse. Kuno kumwera, kumene nyanja ndi yosaya, ndiye kowerengera tinyama. Mwera womwe watitsekera pagombe lerowu umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, madzi ozizira okhala ndi chakudya n'kukwera kuno kumwera, n'chifukwa chake nsomba zimachuluka mbali ino. Wofuna kudziwa kumene mafuta otayika angalowere ayenera kudziwa mwera, mpoto ndi vuma, mwezi ndi mwezi. Anati ku Rwanda, kumene amatulutsa gasi wa methane m'nyanja ya Kivu n'kupangira magetsi, boma linakhazikitsa gulu lake loyang'anira nyanjayo kuti lisamangomva za kampani. Imeneyo ndi nyanja ya madzi abwino ngati yathu, mu Africa momwe muno.

Mnyamata wina anafunsa ngati sikungakhale bwino kungoika makina opangira magetsi ndi mphepo pamadzi, poti mwera ndi waulere. Ndi funso labwino. Koma nawonso amayang'aniridwa. Pokhoma mizati yake pansi pa nyanja pamamveka phokoso loopsa m'madzi, ndipo ku Germany lamulo limati lisapitirire madesibelo 160 (muyeso wa kukula kwa phokoso) pa mtunda wa mamita 750 kuchokera pa mzatiwo. Amamiza zomvera mawu m'madzi kuti atsimikize, ndipo makampani amazunguliza mzatiwo ndi mapaipi otulutsa thovu la mpweya lochepetsa phokosolo. Ofufuza mafuta nawo amawomba mfuti za mpweya m'madzi kuti ajambule miyala ya pansi. Asodzi atamva zimenezi anayang'anana. Iwo amadziwa kuti usipa ndi utaka zimamva ngakhale kugogoda kwa nkhafi pa bwato.

Chimene ndatola pa bwaloli n'chakuti anthu a kunyanja lamulo amalidziwa, ndipo amadziwanso kusiyana kwa lamulo la papepala ndi lamulo loyang'aniridwa. Anatchula okha za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu amamvera chifukwa pali owona ndipo wolakwa amalipitsidwa. Anatchulanso maukonde a udzudzu amene ena amakokera tiana ta nsomba, oletsedwa koma osatha, chifukwa woyendera amabwera mwa apo ndi apo. Ngati zili choncho ndi ukonde umene umaoneka ndi maso pagombe, kuli bwanji paipi imene ili pansi pa madzi?

Lachisanu, ku Mua

Tinatsanzikana ndi malume m'mawa n'kukwera kupita ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902. Mlongo wanga anali asanaonepo nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, ya pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Tinazungulira zipinda za Achewa, Angoni ndi Ayao, kenako tinakhala pamwamba pa mtsinje kumvetsera madzi akugwa m'miyala.

Tili pamenepo tinakambirana za mbiri ina imene siili m'nyumba iliyonse yosungiramo zakale m'dziko muno. Mu 2005 asayansi otsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku yunivesite ya Syracuse anaika makina oboolera pa chombo cha Viphya, n'kuboola pansi pa nyanja ya Malawi pamadzi akuya mamita pafupifupi 590. Sankafuna mafuta. Anatulutsa matope otalika mamita pafupifupi 380, osanjikizana chaka pa chaka kwa zaka zoposa miliyoni imodzi. M'matopemo anawerenga kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nyanja inaphwa n'kutsika mamita mazanamazana, madzi oposa magawo 90 mwa 100 n'kutha. Pamene tinali dzana ndi boti la malume panali pouma. Nyanja itadzazanso, nsomba za mtundu wa mbuna, utaka ndi chambo zinapitiriza kuchulukana mitundu mpaka lero zili mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi abwino pa dziko, ndipo pafupifupi zonse sizipezeka kwina kulikonse.

Zimenezi zikundiuza zinthu ziwiri. Matope a nyanja yathu amasunga chilichonse chogweramo, ndiye umboni sudzasowa ngati pali woutenga. Komanso ntchito yoyeza pansi pa nyanjayi ndi yotheka, inachitikapo kale. Tili ndi ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, tili ndi chombo cha kafukufuku cha Ndunduma, tili ndi ana athu amene akumaliza maphunziro ku Bunda, ku Mzuni ndi ku Zomba chaka chilichonse, ambiri n'kumangokhala opanda ntchito. Mtima umandipweteka ndikaganiza kuti tsiku lina kampani ingadzabwere ndi akatswiri ake, kuyeza yokha, kulemba lipoti yokha m'Chingelezi chovuta, ife n'kungosainira.

Loweruka, pobwerera kudzera ku Lizulu

Takwera Khwekhwelere mobwerera, juzi tavalanso. Tinatsikira pa Lizulu kuti mlongo wanga agule ndiwo zamasamba zopita nazo ku Lilongwe. Pamsika uwu mbali ina ya msewu ndi Malawi, ina ndi Mozambique, ndipo ogulitsa amalankhula Chichewa chimodzimodzi. Nyanjanso ili choncho: magombe ake ali m'maiko atatu, ndipo mafuta otayika sangaime pa malire. Kuyeza kwenikweni kudzafunika kugwirizana ndi Mozambique ndi Tanzania, ngakhale pali mkangano uja.

Podikira minibasi tinalemba pa kope zimene ndikufuna kukapereka kwa phungu wathu ndi ku ofesi yoona zachilengedwe pa boma. Chachikulu n'chakuti chilolezo chilichonse cha mafuta, gasi kapena magetsi pa nyanjayi chisaperekedwe pansi pake pasanayezedwe kwa zaka zingapo, nyengo ya mwera ndi ya mvula yomwe, chifukwa kuyeza kamodzi sikungasiyanitse zimene wawononga munthu ndi zimene nyanja imasintha yokha. Taona tonse momwe madzi anakwerera mu 2024 n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe. Ndalama azilipira ofuna chilolezowo, koma oyeza asakhale antchito awo. Zotsatira zizikhomedwa poyera, zizimasuliridwa m'Chichewa, Chitonga, Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo makomiti a pagombe azikhala nawo m'boti poyeza. Matope ena azisungidwa m'dziko muno, osindikizidwa chidindo, kuti tsiku la mlandu adzayezedwenso. Ndipo lamulo linene manambala: barium akafika pakuti, tinyama tikachepa kufika pakuti, ntchito iime. Lamulo lathu la za mafuta, Petroleum (Exploration and Production) Act, ndi la 1983, nthawi imene zambiri mwa njira zimenezi zinali zisanakhwime n'komwe.

Mbali yanga ndi yaing'ono. Ndagwirizana ndi malume kuti teremu iliyonse ndizitsika ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, tizipita pa malo omwe aja tinalemba pa GPS, tizitsitsa mbale yoyera, tizitapa matope, tizilemba m'kope limodzi losasintha. Mlongo wanga watenga timabotolo kuti akaone tinyamato pa maikulosikopu n'kutitumizira maina ake, ndipo walonjeza kudzaphunzitsa anawo kasefedwe koyenera. Chatsala ndi kupeza majekete oyandamitsa okwanira, chilolezo cha makolo, ndi ndalama ya mafuta a injini ya boti. Lolemba ndikayamba ndi kukaonana ndi ahedi.